Kambewa kobisala m'mawu akuti músculo

Mphunzitsi wa ku Metangula kapena ku Cóbuè akalemba músculo pabolodi, ana amangoloweza ngati mawu ochokera kumwamba. Chonsecho mawuwa anabadwira kunkhokwe.

M'Chilatini, mbewa ndi mus. Aroma ankachepetsa chinthu powonjezera -culus kumapeto, monga ife timaika ka- kumayambiriro: musculus, kambewa. Uzani mwana apinde mkono, aone mnofu ukuthamanga pansi pa khungu. Ambiri amati fanizoli linachokera pamenepo. Chipwitikizi chinatenga músculo, ndipo Chingerezi chinalandira muscle kudzera m'Chifalansa.

Muzu wake ndi wakale kuposa Roma. M'Chigiriki mys ankatanthauza mbewa komanso mnofu, n'chifukwa chake madokotala amatchula mnofu wa mtima kuti miocárdio. Mouse wa Chingerezi ndi mbale wake, ngakhale uja wa pakompyuta.

Kuyambira pa PEBIMO, yomwe inayesa Chinyanja m'sukulu za ku Tete mu 1993 mpaka 1997, dandaulo silinathe lakuti chinenero chathu chilibe mawu a sayansi. Ine sindiona chomwe akatumba achepera pamaso pa kambewa ka Aroma.