MACIRA PA BWALO LA NKHONDO

Pamene nkhondo yaikuru inabuka m'caka ca 1914, anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje sanamve kulira kwa mfuti, pakuti inali kumenyedwa kutali, ku Karonga ndi ku Tanganyika. Koma mabvuto ace anafika pakhomo. Boma linalamula mafumu kuti apereke amuna. Ena analembedwa usilikali wa King's African Rifles napita ku Zomba kukaphunzira perete, koma ambiri anatengedwa utengatenga. Makolo anaicha nkhondoyo Ciwaya.

Mnyamata wofuna usilikali ankayamba waima pamaso pa dotolo, amene ankamuyesa msinkhu ndi cifuwa, nayang'ana maso, mano ndi mapazi ace. Atengatenga sanasamalidwe cotero, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala, osati ndi zipolopolo ai. Mwa akatundu onse amene anasenza, wolemetsa mtima anali munthu wolasidwa wogona m'macira. Tsono funso linali ili: nanga wolasidwayo akakhala mdani, amsiye kodi?

Yankho lace linali litaperekedwa kale. M'caka ca 1859, Henry Dunant wa ku Switzerland anaona asilikali zikwizikwi atasiyidwa ndi mabala ku Solferino, m'dziko la Italy. Cifukwa ca kudandaula kwace, maiko anapangana pangano ku Geneva m'caka ca 1864. Panganolo linati wolasidwa atoledwe ndi kusamalidwa, kaya ndi wa mbali iti, ndiponso kuti osamala odwala asaomberedwe. Cizindikiro cao ndico mtanda wofiira pa nsaru yoyera.

Kulemba lamulo nkwapafupi, koma kulisunga nkobvuta. Pa nkhondo yaciwiri, m'caka ca 1944, asilikali a ku Nyasaland anamenyana ndi Ajapani ku Burma, m'cigwa ca Kabaw, nthawi ya mvula yaikuru. Olasidwa ankanyamulidwa m'matope, ndipo malungo anagwetsa anthu ambiri. Caka comweco Ajapani anali atapha odwala ndi madotolo m'cipatala ca Angerezi ku Arakan. Pomva zotere mtima wa munthu umafuna kulipsira. Komabe kuipa kwa mdani sikumasula wonyamula macira ku lamulo lace. Panganolo litalembedwanso m'caka ca 1949, linanenetsa kuti woyamba kuthandizidwa akhale amene bala lace lifuna cangu koposa, osayang'ana mtundu, cipembedzo kapena mbendera. Dziko la Malawi linabvomera panganoli m'caka ca 1968.

Ngakhale msilikali wamba, wosabvala mtanda wofiira, amaphunzitsidwa kumanga bala ndi kuletsa mwazi. M'mwezi wa November 2018, asilikali a Malawi anali kusungitsa mtendere pafupi ndi Beni, ku Congo, pamodzi ndi anzao a ku Tanzania. Zigawenga zitawathira nkhondo, Ali Khamis Omary wa ku Tanzania analasidwa nagwa poyera. Chancy Chitete, Mmalawi, anamkokera pobisika zipolopolo zirikuuluka, ndipo alimkati momthandiza, iye mwini anaomberedwa namwalira. Omary anakhala ndi moyo. M'caka ca 1919 palibe amene anachula maina a atengatenga onse amene anafera m'njira. Koma m'caka ca 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene ipatsidwa cifukwa ca kulimba mtima kopambana.

Cotero mnyamata wa ku Mitundu kapena ku Nathenje wokonzekera usilikali acita bwino kuthamanga m'mamawa kuti alimbitse thupi. Koma dotolo womuyesa cifuwa sangathe kuona ngati adzabwerera kukatola mnzace wakugwa, kapena ngati adzapatsa madzi mdani amene wataya mfuti. Zimenezo aziyese yekha asanacoke pakhomo pa makolo ace. Paja akuru anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.