Ngongole za Boma ndi Nkhokwe ya Munthu Wamba

Munthu wa kwa Mkanda, m'boma la Mchinji, amadziwa makwacha awiri, kwacha ya kuno kwathu ndi kwacha ya ku Zambia, pakuti malire ali pafupi ndipo chibale ndi malonda zimaoloka tsiku ndi tsiku. Iye sasowa mphunzitsi womuuza kuti ndalama yathu yafooka. Amadzionera yekha pamene fodya ndi mtedza wa chaka chonse zalephera kugula matumba a feteleza amene zinkagula kale. Chimene mwina sanafotokozeredwe bwino n'chakuti kufookaku kuli ndi mbiri yake, ndipo mbali yaikulu ya mbiriyo ili m'mapangano a pakati pa boma lathu ndi mabungwe awiri a ku Washington, la IMF ndi Banki ya Dziko Lonse. Tiyeni tsono tiilondole mbiriyi tili ndi funso limodzi mumtima: mapanganowo akasainidwa, amene amasenza katundu wake ndani?

Pamene kwacha inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1971, makwacha awiri ankafanana ndi paundi imodzi ya ku Britain. Koma pofika 1979 zinthu zinatembenuka. Mafuta anakwera mtengo pa dziko lonse, chilala chinatsatira, ndipo m'zaka zotsatira nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, kotero kuti katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban pa mtengo woopsa. Boma la Dr Kamuzu Banda linagogoda ku IMF mu 1979, ndipo mu 1981 linalandira ku Banki ija ngongole yoyamba yokonzera chuma. Zina zinatsatira mu 1983 ndi mu 1985.

Wobwereketsa aliyense, ngakhale wa pamudzi, amafuna kudziwa kuti chake chidzabwerera bwanji. Mabungwewa anaika mfundo zawo: boma lisamwaze ndalama zoposa zimene limatolera, makampani a boma oluza akonzedwe kapena agulitsidwe, boma lileke kulipirira anthu mbali ya mtengo wa feteleza, mitengo ya mbewu iziyendera msika, ndipo kwacha itsitsidwe. Tisaname, si zonse zimene zinali zoipa. Masiku amenewo ADMARC inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, phindu lake n'kumakalemeretsa maesiteti. Lamulo linkaletsa mlimi wa pamudzi kulima fodya wa bale, choncho ambiri anakakhala matenanti m'minda ya eni chuma, imene inachuluka zedi ku Mchinji ndi ku Kasungu. Chiletsochi chinayamba kumasulidwa mu 1990 chifukwa cha mapangano omwewa, ndipo mabanja ambiri anaona ndalama ya fodya m'manja mwawo kwa nthawi yoyamba.

Komatu walira mvula walira matope. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu, ndipo ADMARC inatseka misika yambiri yaing'ono. Amalondawo anakonda malo a misewu yabwino. Mlimi wa kutali anatsala ndi wogula mmodzi wobwera ndi sikelo yakeyake pa nthawi yokolola, ndipo m'miyezi ya njala analibe pafupi pogula chimanga. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti iziyendera msika, ndipo pofika 1996 thandizo la pa mtengo wa feteleza linali litatheratu. Abale athu a kutsidya kwa malire analawa zowawa zomwezi. Mu Disembala 1986 ufa utakwera mtengo ku Zambia, kunabuka zipolowe ku Copperbelt, anthu anafa, ndipo mu Meyi 1987 Dr Kenneth Kaunda anathetsa pangano lake ndi IMF.

Phunziro lowawa koposa linadza mu 2001 ndi 2002. Bungwe la NFRA, losunga chakudya cha dziko, linali ndi chimanga choposa matani 160,000, komanso linali ndi ngongole yaikulu. A IMF analangiza kuti chimanga china chigulitsidwe kuti ngongoleyo ibwezedwe, ndipo kuti m'nkhokwe mutsale pafupifupi matani 60,000. Koma chimene chinachitika n'chakuti pafupifupi chonse chinagulitsidwa, china m'njira zimene bungwe lothana ndi katangale linachita kufufuza pambuyo pake. Chaka chomwecho mvula yochuluka inaononga minda, ndipo zokolola zinatsika kuchoka pa matani 2.5 miliyoni kufika pa 1.7 miliyoni. Bungwe la Save the Children linachenjeza msanga kuti ana akunyentchera ku Mchinji ndi ku Salima, koma boma la Bakili Muluzi linalengeza za ngoziyo mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Amene tinali ana nthawi imeneyo tikukumbukira gaga, mizu ya nthochi, ndi mbuzi zogulitsidwa pa mtengo wa nkhuku. Wolangiza analoza chala wogulitsa, wogulitsa analoza wolangiza, koma manda anakumbidwa kumudzi.

Inde, panakhalanso nyengo ya mpumulo. Mawu a Papa Yohane Paulo Wachiwiri ndi a anthu ambiri akufuna kwabwino, opempha kuti maiko osauka akhululukidwe ngongole m'chaka cha Jubile cha 2000, sanapite pachabe. Mu 2006 Malawi anakwaniritsa mfundo zimene anapatsidwa, ndipo mbali yaikulu ya ngongole zake zakunja inafafanizidwa. Chaka chomwecho ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, inayambira m'boma lino la Mchinji. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake Bingu wa Mutharika anali atabwezeretsa feteleza wotsika mtengo, ngakhale kuti obwereketsa ambiri sanakondwe nazo. Tinali ndi mwayi woyambiranso opanda goli pakhosi.

Nanga mwayiwo tinachita nawo chiyani? Mu 2011 pangano ndi IMF linasokonekera, mafuta anasowa, ndipo pa 20 Julayi anthu anafera m'misewu. Mu Meyi 2012 boma la Mayi Joyce Banda linatsitsa kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi kuti chithandizo chiyambirenso. Anthu anapirira. Chaka chotsatira zinaululika kuti mabiliyoni a boma ankabedwa ku Capital Hill, nkhani imene inatchuka kuti Cashgate. Mu Novembala 2023 boma la Dr Lazarus Chakwera linatsitsanso kwacha ndi 44 peresenti, ndipo a IMF anavomera ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni ya zaka zinayi. Panafika madola 35 miliyoni okha. Chilala cha 2024 chinasautsa, n'zoona, komanso boma linapitiriza kumwaza zoposa zimene linkatolera ndi kukongola m'mabanki a m'dziko momwe muno. Panapita miyezi 18 popanda kauniuni wa panganolo amene anafika pa mapeto, ndipo mu Meyi 2025 linatha. Mitengo imene inakwera chifukwa cha panganolo sinatsike nalo limodzi.

Owerenga okondedwa, tikaika zaka zonsezi pamodzi tikuona chinthu chimodzi chobwerezabwereza. Mfundo zimene zimagwera munthu wamba zimakwaniritsidwa usiku umodzi: kalata imodzi ya Banki Yaikulu, kwacha yatsika, chilengezo chimodzi, msika watsekedwa. Koma mfundo zofuna kuti olamula adzimane okha, achepetse maulendo ndi magalimoto, atseke mipata ya wakuba ndi kuwerengera poyera tambala iliyonse, zimenezo zimafuna nthawi, zimadikira chisankho, kenaka zimaiwalika. Wobwereketsa ali ndi mlandu wake, pakuti kawirikawiri anayeza bwino mabuku a ku Lilongwe osayeza mtunda wochoka kumudzi kukafika pa msika. Koma mlandu wa wobwereka ndi waukulu koposa, chifukwa iye ndiye amene analumbira kuteteza anthuwo.

Sitingathe kulonjeza kuti dziko losauka ngati lathu silidzabwerekanso. Chimene tingathe ndi kufunsa lisanasaine. Phungu akabwera kwa Mkanda, mafumu ndi makomiti a chitukuko ali ndi ufulu womufunsa kuti panganolo likuti chiyani za nkhokwe za dziko, za mankhwala a m'chipatala ndi za feteleza, ndiponso kuti akuluakulu adzimana chiyani iwo eni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngongoleyo imasainidwa ndi anthu ochepa, koma amene adzaibweze ndi mwana amene lero akukhala pansi pa mtengo kudikira mphunzitsi.