Kugula mafilimu akale, masewero a pa kanema ndi opera pa zimbale

Msika wa zimbale za kanema wachepa padziko lonse chiyambireni kuonera mafilimu pa intaneti. Kampani ya Netflix, yomwe idayamba malonda ake potumiza ma DVD pa positi ku America, idasiya ntchito imeneyi mu Sepitembala 2023. Ngakhale zili choncho, okonda mafilimu akale, masewero a pa wailesi ya kanema ndi opera akugulabe zimbale, ndipo ali ndi chifukwa chomveka.

Wolipira pa intaneti amakhala ngati wabwereka. Filimu imapezeka pokhapokha mgwirizano wa kampani yoonetsa ndi eni filimuyo ukadalipo, ndipo ukatha imachotsedwa. Mu Disembala 2023 kampani ya Sony idalengeza kuti ichotsa mapulogalamu a Discovery m'nkhokwe za anthu amene adali atawagula kale pa PlayStation. Idasintha maganizo patangopita masabata ochepa itapangana mwatsopano ndi eni mapulogalamuwo, koma ogula ambiri adatolapo phunziro lakale lija, lakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimbale chikalowa m'nyumba palibe angachichotse ali kutali. Komabe kugula chimbale choyenera kumafuna kudziwa zinthu zingapo.

Mitundu ya matepi ndi zimbale

Kuonera filimu pakhomo pa nthawi yomwe munthu wafuna kudafala ndi matepi. Sony idatulutsa Betamax m'chaka cha 1975, ndipo JVC idatsatira ndi VHS mu 1976. VHS idapambana pa msika, mwa zina chifukwa tepi yake inkajambula nthawi yaitali komanso makampani ambiri adaloledwa kupanga makina ake. Makina omaliza a VHS adapangidwa ndi kampani ya Funai ya ku Japan mu 2016. Tepi imafooka ikamaoneredwa kawirikawiri ndipo imachita nkhungu pachinyezi, choncho lero imagulidwa makamaka pamene filimuyo sidatulukepo pa chimbale.

DVD idayamba kugulitsidwa ku Japan kumapeto kwa 1996 ndi ku America mu 1997. Imasunga magigabaiti 4.7, kapena 8.5 ikakhala ya magawo awiri. Blu-ray idabwera mu 2006, ndipo idatsala yokha pa msika mu 2008 pamene Toshiba idasiya kupanga HD DVD yomwe inkapikisana nayo. Imasunga magigabaiti 25 kapena 50, ndipo chithunzi chake chili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, pamene cha DVD ya kuno chili ndi 720 ndi 576. Ultra HD Blu-ray, yomwe ambiri amangoitchula kuti 4K, idatuluka mu 2016 ndipo ili ndi timadontho 3840 ndi 2160. Makina a Blu-ray amaonetsanso DVD, koma makina a DVD sangaonetse Blu-ray.

Madera a zimbale

Chokhumudwitsa ogula ambiri ndi loko ya dera. Makampani a mafilimu adagawa dziko lapansi m'madera asanu ndi limodzi pa nkhani ya DVD, n'cholinga choti azitha kusiyanitsa mitengo ndi masiku otulutsira filimu. Dera 1 ndi America ndi Canada. Dera 2 ndi Ulaya, Japan, maiko a ku Middle East ndi South Africa. Dera 3 ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia, dera 4 ndi Australia, New Zealand ndi Latin America, dera 5 ndi mbali yaikulu ya Africa pamodzi ndi India ndi Russia, ndipo dera 6 ndi China.

Izi zikutanthauza kuti Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali m'dera 5, pamene South Africa ndi Britain, kumene abale ambiri amagula zimbale n'kutumiza kumudzi, ali m'dera 2. Makina okhomedwa loko ya dera limodzi amakana chimbale cha dera lina. Mwayi wake ndi wakuti makina ambiri otsika mtengo alibe loko imeneyi, ndipo chimbale cholembedwa 0 kapena ALL chimaonetsedwa paliponse. Nambala ya dera imalembedwa kuseri kwa chikuto, pa kachizindikiro ka dziko lapansi.

Blu-ray ili ndi madera atatu okha. A ndi maiko a ku America, Japan ndi Korea. B ndi Ulaya, Africa yense ndi Australia. C ndi Russia, India ndi China. Choncho Blu-ray yogulidwa ku London kapena ku Johannesburg imagwira pa makina a dera B, koma ya ku New York ikhoza kukanika. Zimbale za 4K zilibe loko ya dera.

Palinso kusiyana kwa PAL ndi NTSC, njira ziwiri zakale zoulutsira zithunzi. Maiko a kuno ndi Britain adatenga PAL, ya zithunzi 25 pa sekondi, pamene America ndi Japan adatenga NTSC, ya zithunzi pafupifupi 30. Filimu ya m'nyumba zoonetsera imajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, ndiye poiika pa DVD ya PAL amaifulumizitsa ndi magawo anayi pa 100 alionse. Filimu ya maola awiri imafupika ndi mphindi pafupifupi zisanu, ndipo mawu amakwerako pang'ono pokhapokha akonzedwe. Blu-ray idathetsa vutoli chifukwa imatha kuonetsa zithunzi 24 pa sekondi.

Mafilimu akale

Filimu imodzi imatha kutulutsidwa ndi makampani angapo, ndipo zimbale zake sizifanana. Choyamba kuyang'ana ndi kukula kwa chithunzi. Mafilimu a Hollywood a zaka za m'ma 1930 ndi 1940, monga Casablanca ya 1942, adajambulidwa pa muyeso wa 1.37:1, ndipo pa kanema wamakono amasiya mizere yakuda kumanja ndi kumanzere. Chimenechi si chilema. Chithunzi chotambalala chidafala kuyambira 1953 ndi filimu ya The Robe. M'nthawi ya VHS mafilimu otere ankadulidwa m'mbali kuti adzaze kanema wa makona anayi, ndipo ena ankataya pafupifupi theka la chithunzi. Ma DVD ena oyambirira adatengera chizolowezi chomwecho. Pa filimu yotambalala ngati Lawrence of Arabia ya 1962, chimbale cholembedwa kuti full screen n'chofunika kuchipewa.

Chachiwiri ndi gwero la chithunzicho. Mpaka cha m'ma 1950 mafilimu ankajambulidwa pa lamba wa nitrate, amene amayaka msanga ndipo amawola akakalamba. Moto wa mu 1937 pa nkhokwe ya kampani ya Fox ku New Jersey udapsereza mafilimu ake ambiri akale. Kafukufuku amene Library of Congress idatulutsa mu 2013 adapeza kuti pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a mafilimu aatali opanda mawu a ku America adatayikiratu. Otsalawo amafuna kukonzedwa, ndipo nthawi zina zidutswa zake zimapezeka mosayembekezeka. Metropolis ya Fritz Lang, ya 1927, idakhala yoduka kwa zaka zambiri mpaka mu 2008 pamene kope lina lidapezeka ku Buenos Aires. Mphindi pafupifupi 25 zidabwezeretsedwa, choncho chimbale chotuluka chisanafike chaka cha 2010 chilibe mbali zimenezi.

Makampani odziwika pa ntchito yosamala imeneyi ndi monga Criterion Collection ya ku America, yomwe idayamba mu 1984 ndi Citizen Kane ndi King Kong, komanso BFI ndi Eureka a ku Britain. Iwowa amalemba pa chikuto kapena m'kabuku ka m'kati kumene chithunzi chidachokera ndi chaka chimene chidakonzedwa. Mafilimu amene umwini wake udatha, monga His Girl Friday ya 1940 ndi Night of the Living Dead ya 1968, aliyense akhoza kuwagulitsa, n'chifukwa chake ali ndi makope ambiri otchipa koma osaoneka bwino.

Mafilimu akale a mu Africa nawonso apindula. Bungwe la World Cinema Project, limene Martin Scorsese adayambitsa mu 2007, lidakonza Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty, ya 1973, ndi La Noire de… ya Ousmane Sembène, ya 1966. Onse awiri ndi a ku Senegal ndipo akupezeka pa zimbale za Criterion. Mu 2017 bungweli lidagwirizana ndi UNESCO ndi chitaganya cha opanga mafilimu mu Africa cha FEPACI kuti akonze mafilimu 50 a mu Africa muno.

Masewero a pa wailesi ya kanema

Wogula masewero akale a pa kanema ayenera kuyamba wadziwa kuti ambiri kulibe. Matepi ojambulira adali okwera mtengo, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 nyumba zoulutsira mawu, kuphatikizapo BBC, zinkafufuta zakale kuti zijambulirepo zatsopano. BBC idayamba kusunga mapulogalamu ake mwadongosolo cha mu 1978. Zigawo zoposa 90 za sewero la Doctor Who zikusowabe, ndipo zina zidapulumuka chifukwa cha makope amene adagulitsidwa kunja. Mu Okutobala 2013 kudalengezedwa kuti zigawo zisanu ndi zinayi zapezeka pa nyumba ina youlutsira kanema ku Jos, m'dziko la Nigeria. Pachifukwachi bokosi lolembedwa kuti lili ndi sewero lonse liyenera kuwerengedwa bwino, chifukwa nthawi zina limatanthauza zigawo zokhazo zimene zidatsala.

Njira yojambulira ndiyo imauza wogula ngati Blu-ray ili ndi phindu. I, Claudius ya BBC, ya 1976, idajambulidwa pa tepi ya m'situdiyo, choncho DVD imaonetsa pafupifupi zonse zimene zilipo. Brideshead Revisited ya Granada, ya 1981, ndi Pride and Prejudice ya BBC, ya 1995, adajambulidwa pa lamba wa filimu, ndipo amaoneka bwino kwambiri akasamutsidwa mwatsopano. Chinanso ndi nyimbo. Chilolezo choimba nyimbo pa kanema sichikhudza zimbale, ndiye masewero ena amatuluka nyimbo zake zitasinthidwa kapena mbali zina zitadulidwa.

Opera

Opera ndi chisudzo chimene mawu ake amaimbidwa motsatana ndi gulu lalikulu la zoimbira. Idayambira ku Italy cha m'ma 1600. Pa zimbale imapezeka m'mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi filimu yeniyeni, imene nthawi zambiri mawu amajambulidwa padera ndipo oimba amangotsatira ndi milomo. Zitsanzo ndi Don Giovanni ya Joseph Losey ya 1979, La Traviata ya Franco Zeffirelli ya 1982 ndi Carmen ya Francesco Rosi ya 1984. U-Carmen eKhayelitsha, yoimbidwa m'Chixhosa ndi kujambulidwa kufupi ndi Cape Town, idapata mphotho ya Golden Bear ku Berlin mu 2005. Mtundu wachiwiri ndi wojambulidwa pa nsanja ya nyumba ya zisudzo, monga Ring ya Richard Wagner imene Patrice Chéreau adakonza ku Bayreuth mu 1976. Imeneyi ndi maopera anayi otenga maola pafupifupi 15.

Popeza opera imodzi imajambulidwa kambirimbiri, dzina lokha silikwanira. Wogula ayenera kuona mayina a oimba, wotsogolera zoimbira, nyumba ya zisudzo ndi chaka. Aonenso ngati pali mawu omasulira olembedwa m'munsi mwa chithunzi m'chilankhulo chimene amamva, poti maopera ambiri ali m'Chitaliyana, Chijeremani kapena Chifalansa. Zimbale zambiri za makampani monga Deutsche Grammophon, Opus Arte ndi Arthaus Musik zilibe loko ya dera, ngakhale ma DVD ake kawirikawiri amakhala a NTSC, imene makina ndi makanema ambiri amakono amalandira. Za oimba akale zojambulidwa n'zochepa. Maria Callas sadajambulidwepo akuimba opera yathunthu pa nsanja. Chodziwika kwambiri chimene chilipo ndi gawo lachiwiri la Tosca, lojambulidwa ku Covent Garden mu 1964.

Zenizeni, zokopera ndi kasungidwe

Chimbale chenicheni chimadindidwa ku fakitale, ndipo kunsi kwa DVD yotere kumakhala kwasiliva kapena kwagolide. Chowotchedwa pa kompyuta chimaoneka chofiirira kapena chabuluu, ndipo utoto wake umafooka ndi dzuwa ndi kutentha. Zizindikiro zina za chimbale chokopera ndi chikuto chosaoneka bwino, mawu olakwika kalembedwe, ndi mafilimu asanu kapena khumi opanikizidwa pa chimbale chimodzi. Ku Malawi lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limaletsa kukopera ndi kugulitsa ntchito za ena popanda chilolezo, ndipo bungwe la Cosoma ndilo limayang'anira zimenezi. Opanga mafilimu a m'dziko muno ndiwo amapwetekeka kwambiri ndi mchitidwewu, chifukwa msika wawo ndi waung'ono kale.

Chimbale chogwiritsidwapo ntchito chiyenera kuunikidwa pa kuwala musanapereke ndalama. Mikwingwirima yozungulira motsata chimbale ndiyo yoopsa kuposa yochoka pakati kupita m'mphepete, ndipo madontho a bulauni kapena timabowo toonekera ndi chizindikiro chakuti chayamba kuwonongeka m'kati. Ngakhale zenizeni zimatha kufa. Mu 2025 kampani ya Warner Bros. idavomereza kuti ma DVD ake ena opangidwa pakati pa 2006 ndi 2008 akulephera kuonetsa. Zimbale zisungidwe zoimika m'zikuto zake, pamalo ouma ndi ozizira, zigwiridwe m'mphepete, ndipo zipukutidwe ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja. Wogula kwa munthu wakutali afunse chithunzi cha kuseri kwa chikuto, pamene pamalembedwa dera, muyeso wa chithunzi, kutalika kwa filimu ndi zilankhulo za mawu omasulira, pakuti safunsa adadya phula.