Matenda ovutika maganizo ndi mankhwala ake: zimene zimacitika m'maso

Odwala matenda ovutika maganizo nthawi zina amadandaula kuti dziko lawazilalira, mitundu ya zinthu siiwalanso monga kale. Akatswiri a zaumoyo apeza kuti dandaulo limeneli si fanizo cabe, popeza kusinthako kumapimika m'diso lenilenilo.

Kumbuyo kwa diso, m'kati mwake, kuli kansalu kopyapyala ka minyewa kamene madokotala amati retina. Kameneka ndiko kamalandira kuwala ndi kutumiza uthenga ku ubongo. Pa nchito yosiyanitsa kuwala ndi mdima, retina imadalira dopamine, imene imakhudzanso cisangalalo ndi cidwi ca munthu mu ubongo.

Mu 2010, gulu la akatswiri a pa yunivesite ya Freiburg ku Germany, momwe munali Emanuel Bubl ndi Ludger Tebartz van Elst, linapima odwala 40 ndi anthu athanzi 40. Aliyense anayang'ana cithunzi ca timabokosi takuda ndi toyera, makina nkumayeza mphamvu ya uthenga wocokera m'retina. Mwa odwala uthengawo unali wofooka kwambiri, kaya anali kumwa mankhwala kapena ayi, ndipo matenda akakula kufookako kunali kukulanso.

Mu 2012 akatswiri omwewo anafalitsa zotsatira za odwala ocepa amene anapimidwa kawiri, poyamba ali cidwalire, kenaka atalandira cithandizo. Amene anacira, retina yawo inabwerera mwakale. Amene sanacire, inakhalabe yofooka. Izi zionetsa kuti cimene cimabweza mphamvu ya diso ndi kucira kwa munthu, osati kungomeza mapiritsi. Kupima kotere nkwa kafukufuku cabe: madokotala amazindikira matendawa mwa kufunsa wodwala ndi kumumvetsera.

Komabe mankhwalawo ali ndi zovuta zawo pa maso, zimene sizicokera m'retina. Amitriptyline, amene amaperekedwa m'zipatala zambiri, angacititse munthu kuona mwacimbuuzi, makamaka powerenga, ndiponso kuuma m'kamwa ndi m'maso. Kawirikawiri zimenezi zimacepa thupi likazolowera. Mankhwala ameneyu, ndiponso fluoxetine mwa apo ndi apo, angakulitse mwanadiso. Kwa anthu ena, makamaka okalamba, zimenezi zingatseke njira yotulukira madzi a m'diso ndi kuyambitsa glaucoma yadzidzidzi. Zizindikiro zake ndi kupweteka kwambiri kwa diso, kufiira, mutu, kusanza ndi kuona mikombero yozungulira nyale. Wotere athamangire kucipatala tsiku lomwelo, cifukwa kuzengereza kungamucititse khungu.

Wodwala asaleke yekha mankhwala pakuti maso akumuvuta. Mankhwalawa amatenga milungu iwiri kufikira inayi kapena kuposerapo kuti phindu lake lioneke, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kungabweze matenda. Dokotala angacepetse mlingo kapena kusintha mtundu. Amene anauzidwa kale kuti ali ndi glaucoma anene zimenezo asanayambe kumwa.

M'cigawo ca kum'mawa, wodwala amayamba pa kiliniki ya kwawo, ndipo angatumizidwe ku Chipata Central Hospital. Cipatala ca Mwami Adventist, kufupi ndi Chipata, cimadziwika pa cithandizo ca maso, pamene Chainama Hills ku Lusaka ndico cipatala cacikulu ca matenda a maganizo m'dziko lino. Lamulo la Mental Health Act la 2019 limateteza ufulu wa odwala amenewa wolandira cithandizo mwaulemu ndi mosasalidwa.