Posita ya pa saka ya fulawa

Ngati munakulila mu komboni, mwina mukumbukila kabolodi kamene kanali kuimikidwa pa khomo la nyumba yoonetsela mavidiyo. Mwini wake anali kulembapo ndi choko dzina la filimu, ola loyambila ndi mtengo wolowela. Kabolodi kaja kanali ndi nchito imodzi cabe: kuimitsa munthu wodutsa pa mseu. Ophunzila amene akukonza cikondwelelo ca mafilimu pa koleji lelo ali ndi nchito imodzimodziyo, kungoti mseu wao tsopano ni WhatsApp ndi Facebook. Ndalama zosindikizila n'zocepa, ndipo maposita ambili amatuluka ofanana cifukwa onse atenga cikombole cimodzi pa Canva. Vuto limeneli si lacilendo. Ku Ghana analithetsa zaka pafupifupi 40 zapitazo.

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, makina a kaseti ya vidiyo anafala mu Accra ndi Kumasi. Anthu a malonda anatsegula makalabu a vidiyo, ndipo ena anali kunyamula TV, makina a kaseti ndi jeneleta n'kumazungulila m'matauni ang'onoang'ono ndi m'midzi. Akafika, anali kuyala mabenchi n'kuonetsa mafilimu a karate a ku Hong Kong, a mfuti a ku America ndi a ku India. Pambuyo pake anaonjezapo a ku Ghana komweko ndi a ku Nigeria.

Koma anthu akanadziwa bwanji kuti madzulo kuli filimu? Maposita aakulu osindikiza anali odula ndi ovuta kupeza, ndipo pepala silikanapilila mvula, fumbi ndi maulendo. Conco eni makalabu anapita kwa amisili olemba zikwangwani, aja amene anali kupenta mashopu a ometa ndi malole. Amisiliwo anatenga masaka ansalu a fulawa, kuwatambasula, nthawi zambili kusoka awili pamodzi, n'kujambulapo ndi penti ya mafuta. Saka inali yochipa ndi yolimba. Unali kuipinda, kuiponya m'galimoto, mawa n'kuikolekanso pa cipupa cina. Posita imodzi inali kuyenda ndi kaseti yake mpaka kuthetheka.

Cosangalatsa n'cakuti nthawi zina wojambula sanali kuionelela n'komwe filimuyo. Anali kuyang'ana cikuto ca kaseti, kumva zocepa kwa mwini kalabu, zotsalazo n'kudzaza ndi mutu wake. N'cifukwa cake pa maposita amenewa minofu ya ngwazi ni yotupa kuposa ya munthu aliyense, njoka ni zazikulu kuposa nyumba, ndipo magazi ali paliponse. Makalabu anali kulimbilana anthu amodzimodzi, motelo posita yofatsa inali kutanthauza mabenchi opanda anthu. Amisili monga Joe Mensah, Leonardo ndi Heavy J anali kusaina maina ao pansi, ndipo dzanja la aliyense linali kudziwika.

Nyengo imeneyi siinakhalitse. Pofika ca m'ma 2000, mabanja ambili anali atagula TV yaoyao, madisiki anacipa, ndipo makina osindikiza anayamba kutulutsa maposita mwamsanga pa mtengo wotsika. Makalabu anatseka, amisili ambili n'kubwelela ku zikwangwani. Koma masaka aja sanathele pa dzala. Ernie Wolfe wa ku Los Angeles anawasonkhanitsa n'kutulutsa buku lochedwa Extreme Canvas, ndipo lelo Deadly Prey Gallery ya ku Chicago imagulitsa nchito zatsopano za amisili a ku Ghana kwa anthu a m'maiko ambili.

Ku Cuba nako kusowa kunabala luso, ngakhale mwa njila ina. Bungwe la mafilimu la ICAIC, limene linakhazikitsidwa mu 1959, silinafune kudalila maposita obwela ndi mafilimu akunja. Ojambula ake anali kupanga ao, n'kuwadinda pamanja ndi sefa ya nsalu, mtundu umodzi panthawi imodzi. Mtundu uliwonse woonjezela unali kudya penti ndi nthawi, conco anaphunzila kunena zambili ndi zocepa. M'malo moika nkhope ya kaswili, anali kufuna cithunzi cimodzi conyamula mtima wa filimu. Eduardo Muñoz Bachs anajambula Charlie Chaplin pakati pa maluwa pa posita ya Por primera vez, filimu yaifupi ya mu 1967 yoonetsa anthu a kumapili akuonelela kanema koyamba m'moyo wao. Mu 2023, UNESCO inaika maposita a mafilimu a ku Cuba pa mndandanda wake wa Memory of the World.

A ku Ghana anali kufuula, a ku Cuba anali kunena mwacidule, koma onse anadziwa bwino munthu amene anali kumuitana ndi pamene adzaionela posita. Ici n'cimene komiti ya ophunzila iyenela kufunsa isanatsegule kompyuta. Kodi posita idzaonedwa pa foni yong'ambika galasi, kapena pa cipupa ca pa siteshoni ya minibasi? Kodi tsiku, malo ndi mtengo zikuwelengeka munthu ali kutali? Kodi pali cithunzi cimodzi cimene munthu angakumbukile mawa?

Pali cinthu cimodzi cosafunika kutengela ku Ghana: kulonjeza njoka imene mulibe mu filimu. Woonetsa woyendayenda anali kucoka m'mawa, koma inu caka camawa mudzafunanso anthu amodzimodziwo. Zina zonse tengani. Mwina mu kalasi mwanu muli wina wodziwa kujambula, ndipo pafupi ndi msika pali mmisili wa zikwangwani amene palibe anamufunsapo. Mupatseni nsalu, muuzeni nkhani ya filimu, ndipo dzina lake lilembedwe pansi.