Kusokoneza ndi Kusainira Mapulogalamu a Foni

Pulogalamu imene mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke kapena wamalonda wa pa Chimbiya amatumizira ndalama siifika pafoni yake monga mmene inalembedwera, pakuti imayamba yadutsa m'ntchito imene akatswiri amaitcha build, kutanthauza kusandutsa malemba amene munthu angathe kuwerenga, otchedwa source code, kukhala fayilo imodzi imene foni ingathe kuiyendetsa. Pa mafoni a Android fayiloyi imatchedwa APK. Ntchitoyi siichitikanso pamanja kawirikawiri, chifukwa makina monga Jenkins, GitLab CI ndi GitHub Actions amayamba okha nthawi iliyonse imene wolemba watumiza zosintha, n'kumatsata mndandanda wa ntchito wotchedwa pipeline, umene chakumapeto kwake kuli ntchito ziwiri zimene ambiri amaziona ngati chinthu chimodzi pomwe zolinga zake n'zosiyana.

Yoyamba ndi obfuscation, komwe ndi kusokoneza dala maonekedwe a pulogalamu popanda kusintha zimene imachita. Mapulogalamu olembedwa mu Java kapena Kotlin amasunga mayina amene wolemba anapatsa zigawo zake, moti munthu wokhala ndi chida chonga jadx angathe kumasula APK n'kuona mmene inaganiziridwira. Chida chosokoneza chimatenga dzina lomveka ngati werengaNdalamaZotsala n'kulisandutsa chilembo chimodzi chokha, a, komanso chimachotsa zigawo zosagwiritsidwa ntchito, zimene zimachepetsanso kukula kwa fayilo, ndipo phindu limeneli silochepa kwa munthu wogula bandulo ya intaneti ya tsiku limodzi. ProGuard, imene Eric Lafortune anaitulutsa mu 2002, ndiyo inkagwira ntchitoyi kwa zaka zambiri mpaka pamene Google inaika R8 m'malo mwake mu 2019. Mayina akale ndi atsopano amalembedwa m'fayilo yotchedwa mapping.txt, imene iyenera kusungidwa pa build iliyonse, chifukwa popanda iyo lipoti la pulogalamu imene yaima mwadzidzidzi limangoonetsa zilembo zimene ngakhale mwiniwake sangazimve. Palinso malamulo otchedwa keep rules, amene amauza chidacho mayina oti chisawakhudze, makamaka amene pulogalamu imawafufuza ndi dzina lenileni ikamayenda. Kuiwala limodzi mwa malamulowa kumachititsa kuti pulogalamu iyende bwino poiyesa koma n'kukanika pafoni ya kasitomala. Kusokoneza kumangotopetsa wofuna kuba nzeru, sikubisa chinsinsi, ndipo nambala yachinsinsi imene yalembedwa m'kati mwa pulogalamu imapezekabe.

Yachiwiri ndi code signing, kusainira pulogalamu, ndipo funso lake ndi lakuti fayiloyi inachokera kwa yani komanso ngati wina anaisintha panjira. Makina amayamba ndi kuwerengera hash, nambala yaitali imene imatuluka kuchokera m'zonse za m'fayilo mwa njira ngati SHA-256, ndipo imasinthiratu ngakhale kadontho kamodzi kokha katasintha. Nambalayi imasainidwa ndi kiyi wachinsinsi, amene amasungidwa m'fayilo yotchedwa keystore, pomwe kiyi mnzake, wapoyera, amayenda limodzi ndi pulogalamu m'satifiketi kuti foni iliyonse itsimikizire siginechayo. Ganizo la makiyi awiri otere linafalitsidwa ndi Whitfield Diffie ndi Martin Hellman mu 1976. Kuyambira pa Android 7.0 ya mu 2016, siginecha imateteza fayilo yonse ya APK, n'chifukwa chake mu pipeline kusokoneza kumayamba ndipo kusainira kumatsiriza, pakuti chilichonse chosinthidwa pambuyo pake chimaononga siginecha. Lamulo la Malawi la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limavomereza siginecha za pakompyuta, ngakhale kuti pa nkhani ya mapulogalamu woweruza wa tsiku ndi tsiku ndi foni yeniyeniyo, imene imakana kuika APK yosasainidwa.

Kufunika kwa zimenezi kumaoneka bwino m'misika ya m'mapiri a Dedza, kumene anthu ena satsitsa mapulogalamu pa Play Store koma amapatsirana pa Xender kapena Bluetooth, mwinanso kukaikitsa kwa mnyamata wa pabenchi yokonzera mafoni. Fayilo yoteroyo imadutsa m'manja ambiri, ndipo umboni wokhawo umene imayenda nawo ndi siginecha. Foni imene ili kale ndi pulogalamu yoona imakana kuilowetsa m'malo ndi ina yosainidwa ndi kiyi wosiyana. Komabe Android imalola aliyense kudzipangira satifiketi yake, choncho wakuba amene wasintha pulogalamu n'kuisainira ndi kiyi wake angathe kuiika pafoni imene inalibe pulogalamuyo. Siginecha ili ngati chidindo cha amfumu pa kalata: chimaonetsa kumene kalatayo yachokera kwa amene akuchidziwa chidindocho, koma sichitsimikizira kuti zolembedwamo n'zoona.

Apa m'pamene pali vuto lalikulu la makina odziyendetsa okha, pakuti kuti pipeline isainire popanda munthu, iyenera kukhala ndi njira yofikira kiyi wachinsinsi. Kiyi sayenera kusungidwa pamodzi ndi source code, koma m'malo obisika otchedwa secrets kapena m'kachipangizo kapadera kotchedwa HSM, kamene kamasainira popanda kutulutsa kiyiyo kunja. Kuyambira mu August 2021, mapulogalamu atsopano a pa Google Play amatumizidwa ngati fayilo yotchedwa Android App Bundle m'malo mwa APK, ndipo Google ndiyo imasunga kiyi womaliza, mwini pulogalamu n'kutsala ndi kiyi wotumizira pulogalamuyo ku Google, wotchedwa upload key, amene angasinthidwe akatayika. Ngakhale zili choncho, kiyi wosungidwa bwino amasainira chilichonse chimene makina amupatsa. Mu 2020 zinadziwika kuti anthu ena analowa m'makina omangira pulogalamu ya Orion ya kampani ya SolarWinds ku America n'kuikamo malemba awo nthawi ya build, ndipo makasitomala pafupifupi 18,000 analandira pulogalamu yoipitsidwayo ili ndi siginecha yoona. N'chifukwa chake magulu monga Debian ndi F-Droid amalimbikira pa reproducible builds, njira yoonetsetsa kuti wina aliyense womanga pulogalamu kuchokera ku source code yomweyo apeze fayilo yofanana ndendende, kuti makina osainirawo nawonso athe kufufuzidwa ndi anthu apadera.