Mdani Mmodzi, Adani Ambiri: Mbiri ya Nkhondo za m'Maseŵero a Pakompyuta

 Makolo ambiri akaona mwana ali duu pa kompyuta, akulimbana ndi zilombo zojambula, amati akungotaya nthaŵi. Mwina nthaŵi zina amanena zoona. Komatu funso limene mwanayo ali nalo ndi lakalekale, ndipo linasoŵetsapo tulo akuluakulu a asilikali. Funsolo ndi ili: kodi mdani akakhala mmodzi timenyane naye motani, nanga akadza m'chigulu tiyambire pa uti?

Nkhani yathu iyambira ku Prussia, m'dziko limene lero ndi Germany. M'chaka cha 1824 msilikali wina, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake maseŵero otchedwa Kriegsspiel. Magulu a nkhondo anali tizidutswa toyenda pa mapu, ndipo mayere ndi woweruza ndiwo ankanena amene wapambana. Akuluakuluwo anaona kuti umu munali sukulu yophunzitsira nkhondo popanda kukhetsa mwazi.

M'chaka cha 1916 katswiri wa makina wa ku England, Frederick Lanchester, anasindikiza masamu osonyeza kuti pa nkhondo ya mfuti mphamvu ya gulu imakula kuposa chiŵerengero chake. Gulu likachuluka kaŵiri, mphamvu yake imachuluka kanayi, chifukwa ambiri angathe kulunjika pa munthu mmodzi nthaŵi imodzi. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tibwereranso kwa iyo.

Ku America, m'chaka cha 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons. Apa woseŵera analeka kulamula gulu lonse la nkhondo, nayamba kukhala munthu mmodzi wokhala ndi dzina, chida ndi nambala yosonyeza moyo wake. Nambalayo ikatha, munthuyo wafa. Poyamba zonsezi zinali za papepala, koma posakhalitsa zinaloŵa m'kompyuta. Mu Wizardry, ya 1981, woseŵera ankatsogolera anthu okwana 6. Atatu akutsogolo okha ndiwo ankamenya ndi lupanga ndi kulandira mikwingwirima. Atatu akumbuyo ankaponya matsenga ndi kuchiritsa anzawo. Kuika wofooka patsogolo kunali kumukumbira manda.

Tsono tiwolokere ku Japan. Mu 1986 kampani ya Enix inatulutsa Dragon Quest, imene anaikonza Yuji Horii. M'menemo ngwazi inali imodzi, ndipo chilombo chinkadza chimodzichimodzi. Nzeru yake inali kuŵerengera: mdaniyu akundichotsera moyo wochuluka bwanji akandimenya kamodzi, nanga ndidzichiritse tsopano kapena ndimenyenso? Wopupuluma ankafa chigonjetso chili pafupi. Wanzeru ankagoneka chilombo ndi matsenga, kapena kuthaŵa ndithu, poti kuthaŵa si mantha nthaŵi zonse.

Chaka chotsatira, 1987, Dragon Quest II inabwera ndi ngwazi zitatu ndi adani odza m'magulu, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho kampani ya Square inatulutsa Final Fantasy, ya ngwazi zinayi. Apa ndi pamene masamu a Lanchester aja anaonekera poyera. Tiyerekeze kuti muli ndi ngwazi 4, adani nawonso ndi 4, ndipo mdani aliyense amagwa akamenyedwa kanayi. Inu ndinu oyamba kumenya. Ngwazi iliyonse ikasankha mdani wakewake, adani onse akhala ali chilili kwa maulendo atatu, ndipo mulandira nkhonya 12. Koma zonse zikaunjikira mdani mmodzi, ulendo woyamba atsala atatu, kenaka aŵiri, kenaka mmodzi, ndipo nkhonya zofika pa inu zikhala 6 zokha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe; mdani wovulala amamenyabe, koma wakufa samenya.

Ngakhale zili choncho, kuunjikirako kunali ndi msampha wake. Mu Final Fantasy yoyamba ija, ngwazi ikalamulidwa kumenya mdani amene mnzake wamupha kale, nkhonya yake inkangopita pachabe. Motero woseŵera ankayenera kuona patali, monga katswiri wa bawo amene aŵerenga nkhomo asanatape.

Pamene maseŵero anafika pa intaneti, monga EverQuest mu 1999 ndi World of Warcraft mu 2004, anthu enieni anayamba kugaŵana ntchito. Wina wolimba amaima patsogolo kuti mkwiyo wa chilombo ugwere pa iye, wina amachiritsa, ena amamenya. Akaona adani ambiri, amatuma mmodzi kukanyengerera mdani mmodzi kuti apatuke pa gulu lake, namuthera pambali. Mmodzi akangothamangira kutsogolo yekha, onse amaphedwa.

Choncho, inu makolo, mukadzamuonanso mwana uja ali pa nkhondo yake, mum'funse kuti wayambira pa mdani uti, ndipo chifukwa chake nchiyani. Akayankha mwadongosolo, dziŵani kuti mutu ukugwira ntchito. Akangoti kukamwa yasa, pamenepo ndiye muzimitse, apite akatunge madzi.